Tikuseka Naye, Kapena Tikumuseka?

Semesita yathayi, Lachisanu lina usiku, ine ndi mesho wanga tinalipira pakhomo n'kulowa mu holo kukaonera mpikisano wa nthabwala. Anyamata anayi oyambirira anayesetsa ndithu, koma anthu ankangoseka mwaulemu, ngati mmene timasekera nthabwala za aphunzitsi amene sanatichongerebe mayeso. Wachisanu ndiye anagwedeza holo. Anatengera mayankhulidwe a yearo wochokera kumudzi akufunsa njira ya ku laibulale m'Chingerezi: r kusanduka l, liwu lililonse kuthera ndi i, manja kumbuyo ngati akuyankhula ndi agulupu. Anthu anagwa m'mipando ndi phwete. Ine ndinaseka mpaka misozi.

Titatuluka, ndikupukutabe m'maso, ndinamufunsa mesho ngati wasangalala. Anati, "Aise, mfana uja ndi dolo. Koma amanena ine." Ananena akumwetulira, moti sindinaziganizire kwambiri. Mesho wangayu anaphunzira pa CDSS ina ya kumudzi, kumene buku limodzi la Chingerezi ankaliwerenga gulu atalizungulira. Mapointi amene anamubweretsa kuno anawapeza ndi nyali ya batire. Patapita masabata awiri ndinaona chinthu chachilendo: m'kalasi, akakhala ndi funso, ankalilemba pakapepala n'kundipatsira kuti ndifunse ine. Sindikunena kuti nthabwala imodzi ndi imene inamutseka pakamwa. Manyaziwo anabwera nawo kale m'chikwama. Koma usiku uja holo yonse, kuphatikizapo ine, inamutsimikizira kuti manyaziwo ndi oyenera.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza za anthabwala ndi masitayilo awo, ndipo ndafika pa mfundo imodzi imene ndikufuna tikanganirane. Kukula kwa phwete si muyeso wa luso. Nthabwala zambiri zimakhala ndi wozilipira, ndipo wanthabwala wabwino timamudziwa tikaona amene wamusankha kuti alipire: iye mwini, munthu wamphamvu amene angathe kubwezera, kapena munthu amene wakhala phee mumdima pakati pa omvera, wopanda maikolofoni yoyankhira.

Kutchera diwa

Stand-up ndi luso lopanda pobisala. Wazisudzo ali ndi anzake, zovala ndi dzina lobwereka. Woimba akaiwala mawu gitala imamubisa. Wa stand-up ali ndi maikolofoni basi, ndipo chigamulo chimabwera pompopompo: anthu aseka kapena sanaseke. Nthabwala yake imagwira ntchito ngati diwa la mbewa. Poyamba amatchera, kukupatsa nkhani yooneka yachizolowezi kuti maganizo ako alowere njira imodzi. Kenako mwala umagwa, mawu omaliza n'kukuonetsa kuti unalowera kolakwika. Azungu magawo awiriwa amawatcha setup ndi punchline. Anthabwala onse amatchera, koma amasiyana nyambo, amasiyananso amene mwalawo umamugwera.

Jerry Seinfeld wa ku America nyambo yake ndi tinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, monga kuima pamzere, kukwera ndege, kugula zinthu m'sitolo. Ndale sazikhudza kwenikweni, ndipo umaseka chifukwa wazindikira khalidwe lako lomwe. Steven Wright amayankhula ndi mawu aulesi, nkhope yosamwetulira, nthabwala iliyonse chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndipo mwala umagwera nzeru zako zimene zimaganiza kuti dziko n'lolongosoka. George Carlin ankasanthula mawu amene andale, amalonda ndi achipembedzo amabisamo zolinga zawo. Don Rickles ankanyoza omvera omwewo amene alipira pakhomo, mmodzimmodzi. Richard Pryor ankasimba moyo wake: kukulira m'nyumba ya mahule imene agogo ake ankayendetsa ku Peoria, kusuta mankhwala ozunguza bongo, ndiponso ngozi ya mu 1980 pamene anapsa thupi ndi moto. Zonsezo anazibweretsa pasiteji, anthu n'kuseka naye zinthu zimene zikanamupha.

Ku Africa kuno sitayilo imene yazika mizu kwambiri ndi yovala khalidwe la munthu wina. Anne Kansiime wa ku Uganda anatchuka ndi mkazi wa pakamwa pakuthwa amene sagonja pa mkangano. Kwathu, Michael Usi ndi Manganya, Bon Kalindo ndi Winiko, ndipo anthu ambiri amawadziwa ndi mayina a pasitejiwo kuposa a makolo awo. Izi n'zosadabwitsa, chifukwa nthabwala zathu za pasiteji zinabadwira m'zisudzo ndi m'masewero a pawailesi. Stand-up ya munthu mmodzi woyankhula m'dzina lake ndi yachilendo ndithu kuno, ndipo achinyamata ambiri amene akuiyamba anaiphunzira pa YouTube. Choncho ikadali nthawi yabwino yofunsana kuti tikutengera chiyani ndipo tikusiya chiyani.

Amene timaphunzira filosofi timakumana ndi mayankho atatu akale a funso lakuti munthu amasekeranji. Thomas Hobbes, m'buku lake la Leviathan la mu 1651, anati timaseka tikadziona mwadzidzidzi kuti tili pamwamba pa wina. Immanuel Kant ndi Arthur Schopenhauer anati timaseka chimene timayembekezera chikasemphana ndi chimene chachitika. Sigmund Freud, mu 1905, anati nthabwala ndi kanjira kotulutsira zinthu zimene timaopa kuzinena poyera. Ine ndikuona kuti onsewa ankanena zoona, kungoti ankamva kuseka kosiyana. Kuseka kwa Kant kumafuna kuti wanthabwala aganize. Kuseka kwa Freud kumafuna kuti alimbe mtima. Kuseka kwa Hobbes n'kotchipa kwambiri, chifukwa kumangofuna kuti upeze munthu amene holo inavomereza kale kuti ndi wapansi, n'kumuloza. Mfana wachisanu uja anali ndi khutu labwino, sindikukana. Koma ntchito yaikulu tinamugwirira ndife. Tinalowa mu holo tikukhulupirira kale kuti Chingerezi chothyoka ndi chizindikiro cha umbuli.

Chikhulupiriro chimenechi chili ndi mbiri yake. Kuti upate satifiketi ya MSCE uyenera kukhoza Chingerezi, ngakhale utakhala katswiri wa masamu. Kuti ulowe yunivesite ya boma pamafunika kirediti ya Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kamuzu ankayankhula ndi Amalawi m'Chingerezi, wina n'kumamasulira, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy kumene ana amaphunziranso Chilatini ndi Chigiriki. M'dziko lotere Chingerezi ndi chipata, ndipo mmene munthu amachiyankhulira zimaulula sukulu imene makolo ake anakwanitsa kumulipirira. Tikamaseka l ndi r wa yearo, tikuseka thumba la bambo ake.

Koma si chisuweni?

Ndikanena izi anzanga amandiyankha kuti, "Iwe, usatibweretsere zachizungu. Ife Amalawi timasereulana. Sunamvepo za chisuweni?" Yankho limeneli ndimalilemekeza, chifukwa n'zoona kuti makolo athu sanali anthu a nkhope zokwinya. Msuweni wako akhoza kukunena mphuno, kukulanda ndiwo m'mbale, kukutcha mkazi wake kapena mwamuna wake pagulu, iwe osakwiya. Pamaliro adzukulu amaponya nthabwala pakati pa chisoni, ndipo palibe amene amawaletsa. Ku Zambia Abemba ndi Angoni, amene kale ankamenyana nkhondo, lero amanyozana mwachimbuya. Gule Wamkulu ali ndi Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, A. R. Radcliffe-Brown, analemba za maubale otere mu 1940, n'kuonetsa kuti chipongwe chololedwachi chimathandiza anthu amene akanatha kudana kuti akhale pamtendere.

Koma amene amabisala kumbuyo kwa chisuweni amaiwala kuti chili ndi malamulo ake. Loyamba, si aliyense amene ndi msuweni wako. Mawu amene mwana wa amalume angakunene iwe n'kuseka, akawanena munthu wodutsa ndi mlandu. Lachiwiri, chisuweni n'chobwezerana. Akakunena mphuno, iwe umamunena miyendo, ndipo oonera amaseka nonse. Lachitatu, ndipo ili ndi lalikulu, wokusereulayo ali ndi udindo pa iwe. Adzukulu amene akuseka pamaliro ndi omwewo akumba manda kuyambira mbandakucha. Mbemba amene akunyoza Mngoni pasiwa ndi yemweyo akuthandiza ntchito za pamaliropo. Ufulu wonyoza amaugula ndi thukuta. Munthu amene akufuna chipongwe cha chisuweni popanda ubale, popanda kubwezeredwa ndiponso popanda udindo, akufuna kudya pamunda pamene sanalime.

Ndikuganiza kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Izeki ndi Jakobo anakondedwera ndi anthu a misinkhu yonse. John Nyanga, amene anatisiya mu 2016, ndi Eric Mabedi, amene anatisiya mu 2021, anali awiri pasiteji. Wina akatchera, mnzake anali pomwepo kuti ayankhe, azembe, kapena atchere lake. Chisuweni chonse chinali pamaso pathu, ndipo wolipira nthabwala anali mmodzi wa awiriwo, amene analowa m'masewerawo mwakufuna kwake. Stand-up imachotsa munthu wachiwiriyo. Pamatsala mmodzi, mawu ake akukuzidwa ndi zimkuzamawu, magetsi onse ali pa iye. Amene akunenedwa sangayankhe, ndipo akayerekeza kudzuka n'kutuluka, holo imamuseka kawiri. Wa stand-up ayenera kupeza njira ina yogulira ufulu umene msuweni amaupeza mwaubale. Njira imene ndikuiona ndi yakuti nayenso aike khosi lake pansi pa mwala.

Amene amalipira okha

Taonani Daliso Chaponda. Mu 2017 anamaliza pa nambala yachitatu mu mpikisano wa Britain's Got Talent, Amanda Holden atamudinira golden buzzer. Anaima pamaso pa anthu amene ambiri mwa iwo Malawi ankamudziwa kudzera mwa Madonna ndi zithunzi za mabungwe opempha thandizo. Njira yachidule inali yakuti awapatse Mwafrika wosauka ndi wosazindikira amene iwo ankamuyembekezera, ndipo akanaseka. Iye anatembenuza galasi. Anaseka Angerezi eni akewo chifukwa chodandaula za mavuto a zachuma kwa munthu wochokera ku Malawi, anasekanso chifundo chawo cha pa TV. Mwala unagwera anthu amene anali ndi mphamvu yomuvotera kapena kumutaya. Kwawo kunonso anachitapo chimodzimodzi. Boma la Bingu wa Mutharika litasintha mbendera mu 2010, Daliso anaichitira nthabwala pa chionetsero chake cha Laughrica, ndipo a boma anamuopseza, chonsecho bambo ake, George Chaponda, anali nduna m'boma lomwelo.

Trevor Noah ndiye umboni wakuti kutengera mayankhulidwe a anthu pakokha si tchimo. Theka la luso lake ndi limeneli: Mzulu, Mbunu, Mmwenye wa ku Durban, Mngerezi, Donald Trump. Anabadwira ku Johannesburg mu 1984, mayi ake Mxhosa, bambo ake mzungu wa ku Switzerland, nthawi imene malamulo a tsankho ankaletsa ubale wotero. Anakula akusintha zilankhulo kuti alandiridwe ndi magulu amene palibe limene linali lake kwenikweni. Akakhala pa luso lake lenileni, chimene amaseka si lilime la munthu koma malamulo ndi maganizo opusa amene amaika anthu m'makola malinga ndi khungu ndi lilime. Komabe nayenso anaterereka. Atangosankhidwa mu 2015 kulowa m'malo mwa Jon Stewart pa The Daily Show, anthu anafukula nthabwala zake zakale za pa Twitter zonyoza Ayuda ndi akazi onenepa. Zinali zofooka, ndipo kufooka kwake kunali komweko: zinaloza anthu, sizinaulule kanthu.

Anthabwala akuluakulu amadziwa kuti si phwete lililonse limene ndi malipiro abwino. Richard Pryor anamanga dzina lake akugwiritsa ntchito liwu lija lonyozera anthu akuda ku America, mpaka kuliika m'mayina a zimbale zake. Atapita ku Kenya mu 1979 n'kuona dziko limene anthu akuda akuyendetsa okha, anabwerera n'kulengeza pasiteji kuti liwulo walisiya. Dave Chappelle mu 2005 anasiya pulogalamu yake ya pa Comedy Central, pamodzi ndi mgwirizano wa madola 50 miliyoni, n'kupita ku South Africa. Pambuyo pake anafotokoza kuti tsiku lina akujambula sewero loseka maganizo a tsankho, mzungu wina wogwira nawo ntchito anaseka mwa mtundu umene unamuwawa, ndipo anayamba kukayika ngati anthu akuseka tsankholo kapena akuseka anthu akuda. Chappelle yemweyo mu 2021 anadzudzulidwa kwambiri ndi anthu a transgender chifukwa cha The Closer, mpaka antchito ena a Netflix ananyanyala ntchito. Funso lakuti mwala wagwera ndani palibe amene amalimaliza, ngakhale amene analifunsapo bwino kwambiri.

Wina akhoza kunena kuti ndiye aliyense azingodziseka yekha, nkhani yatha. Ayi, pamenepanso pali dzenje. Hannah Gadsby wa ku Australia, amene anakulira ku Tasmania akusalidwa chifukwa chokonda akazi anzake, anakhala zaka zambiri akudziseka pasiteji. Mu Nanette, imene inatuluka pa Netflix mu 2018, ananena kuti watopa nazo, chifukwa munthu amene anthu amamupondereza kale akamadzinyoza kuti apatsidwe mpata woyankhula, sakudzichepetsa koma akudzichititsa manyazi. Tawaonapo anzathu otere, amene amathamangira kunena za khungu lawo, kunenepa kwawo kapena mtundu wawo ena asananene. Kudziika pansi pa mwala kumene ndikunena n'kosiyana ndi kumeneku. Ndi kuulula mantha ako, dyera lako ndi chinyengo chako, zinthu zimene omvera nawonso ali nazo koma amabisa. Anyani amasekana zikundu, ndipo wanthabwala wabwino ndi nyani amene wayamba watembenuka n'kuona chake.

Zimene anzanga amanditsutsa nazo

Choyamba amati, "Ndi nthabwala chabe." Dziko lino ndi malo ovuta kunenera mawu amenewa. Bon Kalindo anachoka pa Winiko n'kukhala phungu wa ku Mulanje mu 2014, ndipo mu 2016 anatsogolera zionetsero zokwiya ndi kuphedwa kwa anthu achialubino. Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege. Kaya ndale zawo mumazikonda kaya ayi, n'zoonekeratu kuti dzina limene anapanga poseketsa anthu linawatsegulira makomo. Munthu amene wakuseketsa umamukhulupirira, chifukwa poseka umakhala wavomereza kanthu usanaganize. Ngati nthabwala ingathandize munthu kufika ku Capital Hill, ingathenso kumubweza mnyamata kuti asakweze dzanja m'kalasi. Sitinganene kuti ili ndi mphamvu ikatikomera, n'kunena kuti ndi masewera chabe ikavulaza wina.

Chachiwiri amati ndikufuna kuti anthabwala atsekedwe pakamwa. Apa ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Tili ndi lamulo la mu 1968 la Censorship and Control of Entertainments, ndipo tikudziwa zimene nthawi imeneyo inachita kwa olemba. Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Kunjanso nkhani ndi yomweyo. Lenny Bruce, amene ankaseka chinyengo cha achipembedzo ndi akuluakulu, anapezeka wolakwa ku New York mu 1964 pa mlandu wa kutukwana, anamwalira mu 1966, ndipo chikhululuko chinabwera mu 2003. Bassem Youssef wa ku Egypt anaitanidwa kukayankha mlandu wonyoza pulezidenti Mohamed Morsi mu 2013, ndipo pulogalamu yake inatha mu 2014. Munawar Faruqui wa ku India anakhala m'chitokosi kupitirira mwezi mu 2021 pomuganizira kuti wanyoza milungu ya Chihindu. Taonani mndandanda umenewu bwinobwino. Apolisi amabwera ukaseka mpando, mbendera kapena guwa. Sabwera ukaseka mlimi, wantchito wa m'nyumba kapena wachibwibwi. Tikaitana boma kuti liziweruza nthabwala, lidzadziteteza lokha, ndipo mesho wanga adzasekedwabe.

Khofi nayenso si yankho. Pa mwambo wa ma Oscar mu March 2022, Chris Rock anaseka mutu wometa wa Jada Pinkett Smith, amene ali ndi matenda othothola tsitsi. Inali nthabwala yaulesi. Will Smith atakwera pasiteji n'kumumenya mbama, dziko lonse linayamba kukamba za mbamayo, ndipo Rock anasanduka wolakwiridwa. Funso la nthabwala ija linakwiririka. Chilango chimene wanthabwala amachimva, ndiponso chimene chimamuphunzitsa, ndi chete wa omvera. Masekondi asanu a holo yopanda phwete amamuuza zambiri kuposa kalata ya ku bodi.

Chachitatu ndi chimene chimandivuta kwambiri. Amati n'kosavuta kwa mwana wa sukulu kulamula anthabwala kuti azilimba mtima, chonsecho iye sadya nthabwala. N'zoona. Wanthabwala kuno ndalama amazipeza poyendetsa mwambo wa ukwati, pa madinala a makampani, m'malonda a pawailesi, nthawi zina pamisonkhano ya ndale. Amene wakulipira sungamutchere diwa, ndipo amene angakulipire mawa umamusamala lero. Otsala oti uwaseke mwaulere ndi okhawo amene sadzakulemba ntchito: wakumudzi, woledzera, mkazi wonenepa, wolumala, mtundu wina ndi katchulidwe kake. Sindikuwaweruza anthu ofuna kudyetsa ana awo. Koma pamenepa mlandu ukubwerera kwa ife omvera. Ngati timalipira pakhomo ndi kugawana pa WhatsApp nthabwala zoloza pansi zokhazokha, tidzalandira zomwezo. Ndiponso pakati pa kunyoza nduna ndi kunyoza mlimi pali munda waukulu wosalimidwa: mizere ya mafuta, kuzima kwa magetsi, maukwati a ngongole, misonkhano imene anthu amapitira alawansi, ife omaliza maphunziro amene timalemba pa CV kuti timadziwa chilichonse. Wakhutu labwino sangasowe nyambo m'dziko muno.

Ndivomerenso kuti mzere wa pamwamba ndi pansi suoneka bwino nthawi zonse. Mwana wa yunivesite ndi wapansi pamaso pa nduna, koma ndi bwana pamaso pa mayi wogulitsa mandasi pageti. Ndaonapo anthu olumala akuseka kwambiri nthabwala za ulumali zonenedwa ndi mnzawo, n'kukwiya ndi ife amene timawamvera chisoni chosapempha. Choncho sindikupereka mndandanda wa nkhani zoletsedwa. Maliro, matenda, umphawi, mitundu, chipembedzo, zonsezi zikhoza kusekedwa, ndipo makolo athu ankaziseka. Ndikungopempha kuti pambuyo pa phwete tizifunsa kuti chasekedwa n'chiyani: chinthu chimene munthu anasankha, monga matama ndi umbava, kapena chimene anangobadwiramo.

Kubwerera ku hositelo

Chimene chinandimaliza n'chakuti mesho wangayo ndi woseketsa kuposa mfana wa mu holo uja. Usiku wina magetsi atazima, tili anthu angapo m'chipinda, anayamba kutengera mnyamata wa kwawo amene anapita ku Joni miyezi itatu n'kubwerako ataiwala dzina la nsima, akufunsa amayi ake m'Chingerezi kuti chakudya choyerachi n'chiyani, kwinaku dzanja litatema kale mbamu. Kenako anasimba za tsiku lake loyamba pano, mmene analonjerera mayi wa ku kafeteriya ndi Chingerezi cha m'kalata yofunsira ntchito, chimene anachiloweza usiku wonse, mayiyo n'kumuyankha kuti, "Mwanawe, nyemba kapena soya?" Tinaseka mpaka a chipinda choyandikana anagogoda khoma. Zida zake zinali zomwezija: katchulidwe, l ndi r, yearo wamantha. Koma m'nkhani yake yearo uja anali munthu, wanzeru zake, amene akuona kupusa kwa malo amene amamukakamiza kuvala lilime la eni kuti apemphe nyemba. Aliyense m'chipindamo anadziona, chifukwa tonse tinalowezapo chiganizo tisanalowe mu ofesi ya adini.

Ku mpikisano wotsatira ndidzapitanso, ndipo ndidzalipira pakhomo, chifukwa ndikufuna luso limeneli likule kuno. Mwina ndidzasekanso pamalo polakwika, poti phwete silipempha chilolezo. Koma ndikadzaseka ndidzayang'ana kumbali kuti ndione nkhope ya amene ndakhala naye. Ndinamuuza mesho kuti alembetse dzina, akaime pasiteji paja ndi nkhani ya nyemba ija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, aise. Ndiyambe ndafunsa kaye funso m'kalasi."